Wotchi Yabodza ya ku Msekesa

Amene munadutsapo pa mishoni ya Msekesa, kumapiri a ku Dedza uko, mwina munasuzumira m'chipinda cha sukulu ya mkombaphala n'kuona mawotchi awiri pakhoma, ya kumanja ikunena zake, ya kumanzere zakenso. Mwina munaseka. Senderani kuno, mumve za mayi amene anayamba kuseka inu musanaseke.

Dzina lake anali Felesiya, koma aliyense ankangoti Nangozo. Anali mayi wosadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Mbandakucha ali kudimba, dzuwa likamatuluka ali pamishoni kusesa, kuphika phala la ana makumi awiri ndi atatu, kutsuka makapu, ndipo 3 koloko ikamayandikira, uyo, kope m'khwapa, wa ku sukulu ya kwacha. Anayamba kuphunzira kuwerenga imvi zitayamba kale kusuzumira pansi pa duku, mwana wake wachitsiriza, Mwandida, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Amene anamukankhira ku sukuluko anali Sisitere Karmena, mzungu wamfupi wochokera ku Malta, kachilumba ka miyala pakati pa nyanja ya mchere. Asisiterewa anakhala pa Msekesa zaka zoposa makumi atatu, ndipo analibe ndodo kapena bolodi. Ankaphunzitsa ndi nthano za kwawo. Tsiku lililonse 2 koloko masana, ana atamwa phala, ankawakhazika pamphasa n'kuwawolotsa nyanja. Ankawauza za mayi wamtali ngati bulugamu amene ankasenza miyala yaikulu ngati nkhokwe, mwana ali kumbuyo, iye akutafuna nyemba. Ana ankawerenga miyalayo ndi zala mpaka kudziwa kufika pa khumi. Ankawauza za maboti a asodzi opentedwa maso kutsogolo kuti aziona njira. Ana ankawajambula n'kudziwa zofiira, zachikasu ndi zobiriwira. Ankawauza za matchalitchi okhala ndi mawotchi awiri, ina yoona ina yabodza, kuti woipayo asadziwe nthawi ya Misa. Ndipo ankawauza za Beliya, chokhala pansi pa chitsime, chimene chimakoka mwana wosuzumira.

Chitsime chinalipodi, kuseri kwa chipindacho, chosemedwa m'thanthwe. Sichinkatulutsa madzi pachokha. Chinkalandira a mvula ochokera padenga, monga amachitira ku Malta, ndipo chinali ndi chivundikiro cha chitsulo. Zaka zonsezo panalibe mwana amene anachiyandikira.

Asisitere anamwalira mu Meyi, chisanu chikuyamba. Anasiya kope lachikuto chakuda, nthano zonse zitalembedwa m'Chichewa, m'zilembo zikuluzikulu ngati za mwana, ndipo pachikuto panali dzina la Felesiya. Akuluakulu a pamishoni anati Nangozo ayambe wagwirizira nthawi ya nthano kufikira atapezeka mphunzitsi. Mphunzitsiyo sanapezeke.

Nangozo ankawerenga ngati munthu wolima pouma: liwu lililonse kuligunda kawiri, kenako kulitembenuza. Ndiye poti mtima wake unali wachangu kuposa maso, ankalumpha. Pamene Asisitere anachedwa kufotokoza mphepo, kapena mtundu wa miyala dzuwa likamalowa, iye ankatsetsereka ndi chala mpaka pamene pali zochitika. Tsamba lomaliza linali la zilembo zing'onozing'ono, zolumikizana, zonjenjemera, zolembedwa Asisitere atadwala kale. Anangoliyang'ana kamodzi n'kutseka kope.

Sabata imeneyo ku sukulu ya kwacha anaphunzira kuwerenga nthawi, ndipo Nangozo anaposa anzake onse. Ndiye Lolemba, kamtsikana kena kataloza pakhoma n'kufunsa kuti, “Anti, yoona ndi iti?” iye anayang'ana bwinobwino kwa nthawi yoyamba. Wotchi ya kumanzere inkayenda ndithu, koma inali m'mbuyo ndi maola anayi athunthu. Anakoka benchi n'kukwerapo.

A Gwaza, nkhalamba yosamalira maluwa ndi kuimba belu, anaima pawindo ndi keni yawo yothirira.

“Amadamu, mukutani kumwambako?”

“Ndikukonza bodza, agogo.”

“Bodza limenelo lakhala pamenepo inu musanadziwe A.”

“Ndiye lakalamba ngati inu. Lipume.”

Ana anaseka. A Gwaza sanaseke. Anatsitsa keni pansi n'kupukuta manja pa ovolosi.

“Ine ndinauzidwa kuti batire ikatha ndiziika ina, koma mivi ndisakhudze.”

“Inu simunakhudze. Ndakhudza ndine.”

Anazunguza muvi mpaka mawotchi onse awiri ananena chimodzi, n'kutsika, n'kupukuta fumbi m'chitenje.

Lachiwiri kunacha ndi nkhungu, ya ku Dedza ija yolowa mpaka m'nyumba. Masana sinachoke. Itakwana 2 koloko, Nangozo atangotsekula kope, m'chipindamo munalowa fungo. Silinali loipa. Linali ngati la thumba la mchere lonyowa, losakanikirana ndi kena kake kobiriwira kamene iye sanakadziwe. Anayang'ana kukhomo. Kunalibe munthu, koma nkhungu pakhomopo inkaoneka yothithikana kuposa pena paliponse.

Potsuka makapu anapeza makumi awiri ndi awiri. Anawerenganso, akudzuma. Kapu yosowayo anaipeza a Gwaza, itakhala bwinobwino pachivundikiro cha chitsime, yodzaza madzi mpaka m'milomo. Anaviika chala n'kulawa, kenako anathira madziwo pansi.

Lachitatu ana pokhala pamphasa anasiya mpata kumbuyo, pafupi ndi khomo. Palibe anawauza. Anangosendera, uyu uku, uyu uku, monga amachitira akafika mlendo. Nthano itatha, ana atanyamuka, pampatapo panali ponyowa, mozungulira ngati pamene panakhala mtsuko.

“Wakodza pano ndani?”

“Si ife, anti.”

“Nanga malo amenewa mumasiyira yani?”

Anayang'anizana. Kamnyamata kena kanakanda mutu.

“Amakhala atakhalapo kale, anti.”

Nangozo anayanika mphasa padzuwa losaoneka n'kuthamangira ku sukulu yake. Koma m'njira monse ankamva phokoso limene linayamba nthano ili mkati ndipo silinathe m'makutu mwake. Linali ngati mphepo m'munda wa chimanga chouma, likubwera, likubwerera, likubweranso. Chimanga anali atakolola kale. Mphepo kunalibe.

Lachinayi amene anakhala pafupi ndi mpata uja anali Mwandida. Anakhala chopendekeka, mutu utatsamira pamene panalibe chotsamira. Nangozo ankawerenga za maboti a maso, ndipo atafika pamene Asisitere anayamba zochedwa zawo, chala chinatsetsereka monga mwa masiku onse.

“Amayi,” anatero Mwandida, mawu ake ngati a munthu wongodzuka. “Akuti mwalumpha.”

“Akutero ndani?”

“Akuti pali za mphepo yotentha. Yobwera ndi fumbi lofiira, n'kuligoneka pamadenga.”

Mwandida sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Nangozo anabweza chala, nagunda mawuwo mmodzimmodzi chamumtima. Mphepo inalipo. Fumbi lofiira linalipo. Anatseka kope, nati nthano yatha, aliyense kwawo.

Madzulo ake mwanayo sanadye. Anakhala pakhonde, manja pamaondo, akuyang'ana kumene kunali mishoni. Diresi lake linali lonyowa mbali imodzi, kuyambira paphewa mpaka m'chiuno, ndipo pamene linayamba kuuma panatsala mzere woyera.

“Amayi, mukudziwa kuti pansi pa chitsime pali kumwamba?”

“Wasuzumiramo?”

“Ayi. Andiuza. Kuli dzuwa lambiri. Nyumba zake n'za mtundu wa uchi, zopanda udzu, zopanda malata. Amayi ena amatsitsa dengu ndi chingwe kuchokera pawindo, wogulitsa buledi n'kuikamo. Mabelu amalira mbali zonse, ena patali, ena pafupi. Ndiye maboti aja amaphethira, amayi. Anthu akapanda kuyang'ana amaphethira.”

“Bwera udye.”

“Akuti ana enawo ndi aphokoso, koma ine ndimamvetsera. Akuti ndipite ndikaone.”

Nangozo anagwira dzanja la mwana wake. Linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Analifungatira m'manja mwake mpaka ake omwe anazizira.

M'mawa wa Lachisanu, asanagwire tsache, anapita kwa a Gwaza. Anawapeza akudulira maluwa m'nkhungu.

“Agogo, m'chitsime muja muli chiyani?”

“Lero ndakhala wanzeru?”

“Musandichedwetse, chonde. Ndi Mwandida.”

A Gwaza anaika sizasi m'thumba.

“Chitsime chija ndinasema nawo ndine. Tsiku lomaliza Asisitere anatulutsa kamwala kachikasu, kofewa, kongokwana m'dzanja. Anati anakatola m'chitsime cha kunyumba kwa amayi awo. Anakaponyamo, akuti madzi a kuno adziwane ndi a kwawo. Chaka chimenecho makapu ankasowa ngati mmene ayambiramu. Kenako anagula wotchi yachiwiri ija, zinthu n'kukhala bata.”

“Basi?”

“Ine ndikamaimba belu la 6 koloko madzulo, iwo ankalowa m'chipinda muja okha n'kutseka chitseko. Anthu ankati akupemphera. Koma ine pemphero ndimalidziwa, Nangozo. Pemphero silikhala ndi poseka.”

“Atamwalira bwanji? Mwezi wonse uja kunalibe kanthu.”

“Mwina chinkabwera n'kupeza chitseko chotseka, n'kubwerera. Chinthu choleza mtima. Ndiye inu mwachiuza nthawi ina, chabwera, chapeza nyumba yodzaza.” Anamuyang'ana m'maso. “Zina zonse zili m'kope lanulo. Ine sindiwerenga. Ophunzira si ndinu?”

Nangozo anaganiza mwachangu, monga mwa khalidwe lake. Ngati chimabwerera nthano, nthano isakhalepo. Ana atangomwa phala anawabalalitsa, nakhoma chipinda, natenga Mwandida kupita naye kukhitchini, namukhazika pambali pake pafupi ndi moto. Kwa nthawi yoyamba chiyambireni, anasiya zopita ku sukulu ya kwacha. Anatsekula tsamba lomaliza lija naliika pamaondo.

Zilembozo zinali ngati nyerere zogwirana miyendo. Anaphimba mzere wonse ndi chala kusiya liwu limodzi, naligunda, nalitembenuza. Thukuta linatuluka chisanu chili chomwecho. Pang'ono ndi pang'ono nyererezo zinayamba kulankhula ndi mawu a Asisitere.

“Felesiya mwana wanga, ukafika pano ndiye kuti waphunzira kudekha. Wotchi ya kumanzere ndi ya mlendo wathu wa m'chitsime. Ndinabwera naye osadziwa. Ali kutali ndi kwawo monga ine, ndipo amangofuna kumva za kwawoko. Amayang'ana wotchi yake, ikati 2 koloko amabwera, ana atapita kalekale. Uzimuwerengera ali yekha, ndipo usamalumphe. Akasowa womuuza nthano, amadzisankhira mwana.”

Liwu lomalizalo analiwerenga kawiri. Kenako anazindikira kuti m'khitchini muli zii. Pamene panakhala Mwandida panali ponyowa.

Anatuluka kope lili m'manja. Nkhungu inali itameza tchalitchi, mitengo, ngakhale denga la chipinda cha ana. Phokoso lija linali paliponse tsopano, kubwera, kubwerera, ngati chinthu chachikulu chikupuma m'tulo. Anazungulira kuseri.

Chivundikiro cha chitsulo, chimene a Gwaza ankachinyamula mochita kubuula, chinali pambali, chitagonekedwa bwino pa udzu. Mwandida anali atagona chafufumimba, chibwano pamlomo wa chitsime, dzanja limodzi lili m'madzi mpaka m'chigongono. Mwezi umenewo madzi ankayenera kukhala pansi penipeni, kofika ndi chingwe. Koma anali atadzaza mpaka pamwamba, ali phee, ndipo ankawala. Kunja konse kunali kotuwa, koma nkhope ya mwanayo inali yowala chikasu, ngati ya munthu woyang'ana pawindo la nyumba ya dzuwa. Ndipo m'madzimo, pafupi ndi dzanja lake, munali pena pamene kuwalako sikunkadutsa.

Miyendo ya Nangozo inafuna kuthamanga. Moyo wake wonse inali isanamufunsepo chilolezo. Koma nthano ya Beliya anali ataimva kwa zaka zambiri akutsuka makapu pakhomo, ndipo inkati mwana ukamukokera kumbuyo, Beliya amamukokeranso m'chitsime, ndipo Beliyayo satopa.

Anakhala pansi, pa udzu wonyowa. Anatsekula kope pa nthano ya maboti, pachiyambi penipeni.

Anawerenga za doko m'mamawa, za asodzi okoka maukonde. Atafika pa mphepo yotentha chala chinafuna kutsetsereka. Anachikanikiza papepala mpaka chikhadabo chinayera. Anawerenga mphepoyo yonse, ndi fumbi lake lofiira. Anawerenga za miyala imene m'mawa imakhala yoyera, masana ngati buledi, madzulo ngati uchi. Anawerenga za mitengo yaminga yomera pamakoma a minda, za mbuzi zoyenda m'misewu yopapatiza, za mayi woima padenga kuyang'ana ngati boti la mwamuna wake latulukira. Sanadziwe kuti Asisitere anaika zonsezi m'malo amene iye ankalumpha. Pena anaiwala kuti akuwerenga. Kumaso kwake kunafunda ngati kwawomba dzuwa, ndipo patali, pansi pa nthaka kapena pamwamba pa nkhungu, mabelu ambiri ankalira mosapangana.

Phokoso la kupuma lija linachepa. Linakhala ngati la munthu amene wasiya zimene amachita kuti amve bwino.

Nangozo anadzuka pang'onopang'ono, osasiya kuwerenga, nayamba kuyenda chobwerera m'mbuyo. Phazi limodzi, liwu limodzi. Sanadzutse maso, koma m'munsi mwa kope ankaona udzu patsogolo pake ukugona, ukuda ndi madzi, mpata womwewo nthawi zonse, osayandikira, osatsalira. Kuchitsime kunamveka kuti vuu, ngati ndowa ikutuluka m'madzi. Kenako mawu a a Gwaza, otsika kwambiri:

“Mwana ndamunyamula. Pitirizani, amadamu. Musaime.”

Anafika pakhomo la chipinda, natsekula loko ndi dzanja limodzi kumbuyo, nalowa, nakhala pabenchi. Anawerenga mpaka boti lomaliza litafika padoko ndipo mayi wa padenga uja atatsika. Atatseka kope, pamphasa, pafupi ndi khomo, panali ponyowa.

Apo mtima wake wakale unabwerera. Anakwera pabenchi, nagwira muvi wa wotchi ya kumanzere, naubweza: ola limodzi, awiri, atatu, anayi. Anatsika naima manja m'chiuno, kuyang'ana ponyowapo.

“Mwaona? Yanu ndi iyi. Ikati 2 koloko mundipeza pano, tsiku lililonse, ndipo sindilumpha. Koma mukadzabweranso nthawi ya ana, simudzamva liwu ndi limodzi lomwe. Mwana wanga mumusiye. Inu muli ndi kwanu, iyenso ali ndi kwawo, ndipo kwawoko ndi kuno.”

Kenako, kuchokera padenga losadontha, dontho limodzi linagwa pasimenti. Tho.

Mwandida anagona mpaka m'mawa, nadzuka ndi njala. Mzere woyera pachigongono unakhala masiku atatu, osachoka ndi sopo, kenako unatha wokha. Za pansi pa chitsime sakumbukira, kupatula kuti nthawi zina, akamasewera, amaima n'kufunsa ngati maboti afika.

Chichokereni tsiku limenelo Nangozo ali ndi ntchito ina pamwamba pa zonse zija. Akaweruka ku sukulu ya kwacha sapita kunyumba. A Gwaza akamaimba belu la 6 koloko, iye amalowa m'chipinda muja, amaika kapu yopanda kanthu pamphasa, n'kutseka chitseko. Amati mwa onse amene anamvapo kuwerenga kwake, ndi mlendo yekhayo amene sanamusekepo akagunda liwu katatu. Akalumpha mwangozi, dontho limagwa, iye n'kubwerera. Ndipo ana a masana nawonso tsopano amamva mphepo yonse ndi miyala yonse. Amajambula nyumba za mtundu wa uchi, n'kumakangana ngati mbuzi za ku Malta zimalira ngati za kuno.

Tsiku lina a Gwaza anamupeza pabenchi, lilime lili panja, akulimbana ndi cholembera.

“Mwayamba kulemba mabuku, amadamu?”

“Ndikulembera wobwera pambuyo panga. Ine sindikhala pano mpaka kalekale.”

“Asisitere analemba kale kumapetoko.”

“Asisitere anali munthu wabwino, agogo, koma sankatidziwa. Ife sitifika kumapeto.”

Anatembenuza kope kuti aone, ngakhale sawerenga. Pa tsamba loyamba penipeni, pamwamba pa nthano zonse, panali zilembo zazikulu ngati zala, zopindikapindika, zokanikizidwa mpaka kuboola pepala:

WOTCHI YA KUMANZERE MUSAIKONZE.